Mafunso Anu: Mbali ya wodwala ndi abale ake pa chitetezo cha m'chipatala

Funso: Akonzi, ndikudikirira amayi anga omwe agonekedwa m'chipatala. Tsiku lina namwino anabweretsa mapiritsi achikasu pomwe masiku onse amayi amamwa oyera. Ndinafuna kufunsa koma ndinaopa kuoneka ngati ndikuphunzitsa anthu ntchito yawo. Kodi gadiyani amaloledwa kufunsa zotere? (Mwana wodikirira amayi ake)

Yankho: Amaloledwa, ndipo funsolo lizibwera mapiritsi asanamezedwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 aliwonse amapwetekeka ndi chithandizo chomwe chimayenera kumuchiza, kuti oposa theka la mavutowa akanatha kupewedwa, komanso kuti pa opewekawo pafupifupi theka amachokera ku mankhwala. Kawirikawiri sikuti wina wachita dala. Anamwino amasinthana ntchito kawiri kapena katatu pa tsiku, malangizo a dokotala amakoperedwa kuchoka pa pepala lina kupita pa lina, odwala awiri a mayina ofanana amagona moyandikana, mabotolo a mankhwala osiyana amafanana maonekedwe. Munthu yekhayo amene amaona zonse kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi wodwalayo ndi inu.

Mapiritsi kusintha mtundu nthawi zambiri kumangotanthauza kuti ndi a kampani ina, koma zimenezo anene ndi namwino atayang'ana pa fayilo. Munganene kuti, "Pepani anamwino, dzulo amayi amamwa oyera awiri, lero ndaona achikasu. Kodi adokotala asintha?" Mukatero mwanena zomwe mwaona, simunaloze munthu chala.

Onetsetsaninso kuti asanapereke mankhwala, jakisoni kapena magazi atsimikiza wodwala pa zinthu ziwiri, monga dzina lonse ndi tsiku lobadwa kapena nambala ya pa fayilo. Nambala ya bedi si umboni, chifukwa odwala amasunthidwa. Funso loyenera kuti namwino afunse wodwala ndi lakuti "Dzina lanu ndani?" osati "Ndinu a Uje?", poti munthu wofooka kapena wosamvetsetsa amangovomera ndi mutu. Pa mankhwala aliwonse atsopano lembani dzina lake, ntchito yake, kuchuluka kwake, kangati pa tsiku ndi tsiku losiyira. Onetsani zonse zomwe amayi amamwa kunyumba, ngakhale zogula nokha kapena zazitsamba. Mankhwala ambiri a chimfine amakhala ndi paracetamol, choncho munthu akamamwa mankhwala a chimfine pamodzi ndi mapiritsi a paracetamol akhoza kupyola malire a magalamu 4 pa tsiku kwa wamkulu n'kuononga chiwindi. Ngati amayi anatulukapo zidzolo kapena kutupa atalandira penicillin, nenani nthawi zonse, chifukwa amoxicillin ndi wa gulu lomwelo.

Funso: Mwana wanga wa zaka 3 atagonekedwa, ndinaona usiku kuti wasintha, koma anandiuza kuti ndidikire adokotala m'mawa. Mwamwayi anachira. Zitachitikanso ndidzachite bwanji? (Mayi wa ana awiri)

Yankho: Mayi, funso lanu ndi lalikulu kuposa onse amene talandira. Wodwala akamatsika, zizindikiro zimaoneka kudakali maola angapo zinthu zisanafike poipa, ndipo woyamba kuziona amakhala amene akumudziwa bwino.

Yambani ndi kupuma, chifukwa mukhoza kuwerenga nokha popanda chida. Mwana ali phee, werengani kukwera kwa chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Kupuma n'kofulumira ngati kwafika ka 60 kwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Akafika ka 25 pakufunika thandizo lamsanga. Zina zosadikirira m'mawa ndi kukomoka, kuvuta kudzutsa, kubwebweta, kulephera kumwa kapena kuyamwa, chifuwa kulowa m'kati popuma, manja ndi mapazi kuzizira thupi lili moto, ndi mwana kukhala maola 12 osakodza.

Polankhula musangoti "sakupeza bwino". Nenani kusinthako ndi nthawi yake: "Masana amasewera ndi kumwa, kuyambira 8 koloko sakumwa ndipo akupuma ka 48 pa mphindi. Ndikuda nkhawa, chonde muyezeni." Pemphani kuti amuyeze kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kupuma ndi mpweya wa m'magazi, ndipo zilembedwe pa fayilo. Ngati simukuthandizidwa, pitani kwa namwino wamkulu wa wodi, kenako pemphani kuti aitane dokotala amene ali pa ntchito usiku umenewo. Palibe mwano pamenepa.

Mayiko ena aika zimenezi m'ndondomeko. Ku England, Martha Mills, mtsikana wa zaka 13, anamwalira mu 2021 ndi matenda olowa m'magazi makolo ake atadandaula kangapo osamvedwa, ndipo wofufuza za imfa anapeza kuti mwina akanapulumuka akanapititsidwa msanga ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Kuyambira 2024 zipatala za kumeneko zinayamba kutsata Martha's Rule: wodwala amafunsidwa tsiku lililonse mmene akumvera, ndipo iye, abale ake kapena wogwira ntchito aliyense akhoza kuitana gulu lina la akatswiri a zachipatala kuti liunikenso wodwalayo, usana kapena usiku. Ku Queensland, Australia, ndondomeko yofanana, Ryan's Rule, inayamba mu 2013. Ubwino wake ngwakuti kholo silidaliranso kulimba mtima kwake kokha. Njira yodandaulira imakhala yolembedwa pakhoma ndipo ogwira ntchito amaiyembekezera.

Funso: Kodi n'zoona kuti wodwala angauze dokotala kuti asambe m'manja? (Wowerenga)

Yankho: N'zoona, ngakhale ambiri zimawavuta, n'chifukwa chake chipatala chabwino chimayamba ndicho kuuza odwala kuti azikumbutsa. Wogwira ntchito ayeretse manja asanakhudze wodwala, asanagwire ntchito yofuna ukhondo ngati kutsuka bala, atakhudza magazi kapena madzi ena a m'thupi, atakhudza wodwala, ndiponso atakhudza bedi ndi zozungulira. Sanitayiza apakidwe kwa masekondi 20 mpaka 30, sopo ndi madzi masekondi 40 mpaka 60. Magolovesi omwe akhudza wodwala wina ndi akuda ngati manja osasamba. Tsiku lililonse funsaninso ngati kanyula wa diripu kapena paipi ya mkodzo zikufunikabe, poti zikamakhalitsa tizilombo timapeza polowera.

Funso: Ndasankhidwa kuimira anthu wamba mu komiti ya chipatala. Timakumana, timamvera malipoti, kenako timabalalika. Sindikuona chomwe ndikusintha. Ndiyambire pati? (Membala watsopano wa komiti)

Yankho: Bambo kapena mayi, zomwe mwafotokozazi n'zofala. Makomiti otere amafooka pa zifukwa zodziwika: munthu wamba amakhala mmodzi pakati pa akatswiri, mapepala amaperekedwa pa tsiku la msonkhano, chilankhulo chimakhala cha madokotala, ndipo mfundo zimakhala zitamangidwa kale. Pemphani kuti anthu wamba mukhale awiri kapena kuposa, mapepala afike kutatsala sabata, ndipo mawu ovuta azimasuliridwa pomwepo.

Kenako funsani manambala a mwezi ndi mwezi: odwala angati anagwa, angati anatuluka zilonda za pabedi, mabala angati a opaleshoni anachita mafinya, zolakwika zingati za mankhwala zinalembedwa, kuphatikizapo zomwe zinagwidwa zisanafike kwa wodwala. Malipoti a zolakwika akachuluka musathamangire kudzudzula. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti ogwira ntchito asiya kuopa, pomwe wodi yosalemba kanthu ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Pa cholakwika chilichonse funsani chimene chinachititsa kuti kulakwako kukhale kosavuta, chifukwa kuchotsa namwino mmodzi n'kusiya mabotolo ofanana pa shelefu yomweyo kumangodikira wolakwitsa wina.

Sankhani nkhani imodzi n'kuitsata mpaka ithe. Chitsanzo chabwino ndi mndandanda wa WHO wa mfundo 19 zoonetsetsa pa opaleshoni, womwe unatuluka mu 2008. Umawerengedwa katatu: wodwala asanagonetsedwe, asanang'ambidwe, ndi asanatulutsidwe m'chipinda cha opaleshoni, pomwe amawerenganso zida ndi nsalu zopukutira kuti pasatsale kanthu m'thupi. Pa kafukufuku wa m'zipatala 8 wofalitsidwa mu 2009, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 mwa odwala 100 aliwonse. Mbali yoyamba ya mndandandawu imafuna wodwala mwini atsimikize dzina lake, opaleshoni yake ndi mbali ya thupi yoti ichitidwe, choncho mukhoza kufunsa odwala omwe atuluka ngati anafunsidwadi zimenezi.

Samalaninso kuti kutenga mbali kwa odwala kusasanduke njira yowasenzetsa udindo wa chipatala. Wodwala wokomoka wopanda m'bale ayenera kutetezedwa chimodzimodzi ndi amene ali ndi womulankhulira. Pa bokosi la madandaulo, onetsetsani kuti silitsegulidwa ndi anthu okhawo amene akudandaulidwa. Pakhale munthu wamba, madandaulo alembedwe m'kaundula popanda kuulula mayina a odwala, ndipo pa msonkhano wotsatira aliyense amve amene anapatsidwa ntchito yokonza, tsiku lomalizira, ndi ngati wodandaulayo anayankhidwa.