Maginito ku nyenyezi zakhanda, zoona eti?

Funso: Akonzi, ndinamva kuti mapulaneti amabadwa mu fumbi lozungulira nyenyezi yatsopano ndipo muli maginito mmenemo. Maginitowo amatani?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zikomo achimwene, ndi zoona ndithu. Nyenyezi ikamabadwa imazingidwa ndi gasi ndi fumbi zozungulira mophwatalala ngati lichero, mapulaneti amaumbika mmenemo. Mu 2014 telesikopu ya ALMA ku Chile inajambula zimenezi pa nyenyezi ya HL Tauri, mizere yake ikuoneka bwinobwino.

Tsono gasi wina amakhala ndi mphamvu ya magetsi ndiye maginito amamugwira nkumuchepetsa liwiro, akatero amatsetsereka nkugwera mu nyenyezi ija, nyenyeziyo nkumakula, wina amaponyedwa kutali ngati mphepo yamphamvu. Popanda zimenezi gasiyo bwenzi akungozungulira basi.

Chomwe chimandisangalatsa ine kwambiri nchakuti umboni wina unagwa pansi pano. Mwala wochokera kumwamba wa Semarkona unagwa ku India mu 1940, asayansi ataupima anapeza kuti timibulu take tinasunga maginito a nthawi yomwe dzuwa lathu linali lakhanda, zaka zoposa 4.5 biliyoni zapitazo, mphamvu yake yofananako ndi maginito a dziko lathu lero omwe amayendetsa kampasi.