Masamu ndi ovuta kapena ndi yovuta? Mayankho pa mayina a maphunziro a kusekondale

Mayi wina walemba kuti: "Mwana wanga wa Fomu 3 amati 'masamu ndi yovuta', ine ndimati 'masamu ndi ovuta'. Tatsutsana mpaka tatopa. Akulakwa ndani?"

Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Dzina lakuti masamu tinalibwereka ku Chingerezi, ku mawu akuti sums, ndipo titalilandira tinaliveka ma- monga tinachitira ndi mabuku ndi matebulo. Dzina likavala ma- chotere, mawu onse oyenda nalo amamvera: masamu awa, masamu anga, masamu andivuta, masamu ndi ovuta. Ikakhala imodzi pabolodi timati samu iyi yandivuta, monga momwe timanenera galimoto iyi koma magalimoto awa. Ndikuganiza kuti mwana wanu wasokonezeka ndi maphunziro ena amene amawatchula tsiku ndi tsiku. Sayansi ndi yovuta, fizikisi ndi yovuta, kemisitiri ndi yovuta, chifukwa mayina obwerekawa analowa m'gulu la nyumba ndi mbale. Iye wangotengera yo- ameneyo n'kumuika pa masamu.

Polemba musamalenso kuti ndi ovuta, osati wovuta. Wo- ali ndi eni ake: ulimi ndi wovuta. Chifalansa nacho chili ndi chake: ndi chovuta. Muuzeni mwanayo atchule maphunziro ake onse limodzilimodzi akuwonjezera "wandivuta", "yandivuta", "chandivuta" kapena "andivuta". Pakamwa pake padzamuuza pokha pamene wapunthwa.

Mphunzitsi wina wadandaula: "Ndikayang'ana ndandanda ya maphunziro ndimangoona bayoloje, fizikisi, jogalafe, hisitole. Kodi Chichewa n'chosauka chonchi? Bwanji osapanga mayina athuathu?"

Aphunzitsi, kudandaula kwanu ndakumva, ndipo nanenso ndimafuna kuti ana aphunzire zinthu zozama m'chiyankhulo chawo. Koma mayina mwatchulawo si a Angerezi. Bayoloje inachokera ku Chigiriki, kumene bios ndi moyo ndipo logos ndi mawu kapena chiphunzitso. Jogalafe nayo ndi ya Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba za dziko. Aljebura imene mumaphunzitsa m'masamu inachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, a m'mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Angerezi anabwereka onsewa popanda manyazi, nafenso tabwereka.

Chimene ndimayang'ana ine n'chakuti mlendoyo akafika, kodi akutsata malamulo a pakhomo? Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndiye dzina ngati physics, limene m'Chingerezi limathera ndi malembo opanda liwu ounjikana, ife timalimasula kukhala fi-zi-ki-si. Likatero, n'kulandiranso mgwirizanitsi wake, monga yo- wa mu yovuta, lasanduka lathu ngati sukulu ndi buku.

Kupanga dzina latsopano n'kotheka, koma kuli ndi misampha. Ena amayesa kunena kuti "maphunziro a zamoyo" m'malo mwa bayoloje. Pofotokozera mwana wa Fomu 1 zimene akaphunzire, mawuwa ndi abwino kwambiri, ndipo muziwagwiritsa ntchito. Ngati dzina, ali ndi vuto: zamoyo ndi zaumoyo zimangosiyana lembo limodzi, ndipo kholo likamva mofulumira liziganiza za chipatala, pamene mwanayo akujambula duwa ndi kuloweza ziwalo za chiwala.

Hisitole ndi nkhani inanso. Tili ndi mawu akuti mbiri, ndipo "mbiri yakale" imamveka bwino. Komabe mbiri m'Chichewa ndi yotakata: ndi zimene anthu amakamba za munthu. Taganizani mphunzitsi akuuza kholo pa tsiku lotsekera kuti, "Mwana wanu mbiri yake sili bwino." Kholo lija mtima uli phaa, likufunsa kuti walakwanji, pamene mphunzitsi amangonena za malikisi. Apa muyenera kunena kuti "phunziro la mbiri yakale", kapena kungoti hisitole.

Pamene sindigonja ndi pa ulimi. Dzinali tili nalo kuyambira kalekale, ndi lalifupi, ndipo aliyense amalimva. Kubwereka pamene nkhokwe ili yodzaza ndiye kumene kumandiwawa. Mwana anene kuti mawa alemba mayeso a zaulimi.

Wophunzira wina wafunsa: "Tizilemba Chingerezi kapena Chingelezi? Nanga lembo loyamba likhale lalikulu?"

Lembani Chingerezi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene Chichewa Board inatulutsa mu 1990, amati r amabwera pambuyo pa e ndi i, pamene l amakhala koyambirira kwa mawu ndi pambuyo pa a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba phunziro ndi kemisitiri, koma jogalafe, hisitole ndi kukhululuka. Mukaona, jogalafe ndi hisitole zili ndi r m'Chingerezi, koma kuno lamulo lathu lamusandutsa l. Mayina a ziyankhulo ayambe ndi lembo lalikulu: Chichewa, Chingerezi, Chifalansa. Masamu, sayansi ndi ulimi pakati pa chiganizo alembedwe ndi lembo laling'ono.

Wophunzira yemweyu wafunsanso ngati "phunziro" ndi bayoloje yonse kapena mphindi zimene mphunzitsi amakhala m'kalasi. Ndi zonse ziwiri, ndipo chiganizo ndicho chimasiyanitsa. "Phunziro limene ndimalikonda ndi bayoloje" akunena za bayoloje yonse. "Phunziro la lero linali la mitsempha ya magazi" akunena za tsiku limodzi.