Tifunseni za ndalama: Banki yanditsekera akaunti, ndiyambire pati?

Mwezi uno makalata ochokera ku Mangochi aunjikana pa nkhani imodzi. Munthu wafika pa kauntala, wauzidwa kuti akaunti yake ndi yotseka, ndipo wakwera kabaza kubwerera kwawo asakudziwa chimene chachitika. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Amuna anga ali ku Joni, chaka chino n'chachinayi. Ndalama amapereka marandi kwa mnzawo wonyamula katundu, ndiye iyeyo amauza anthu ake kuno kuti aziika makwacha mu akaunti yanga. Alamu anga awiri alibe akaunti, za amuna awonso zimalowa mwanga. Sabata yatha ndinapita ku boma kuti ndikatape za malata, khadi inakanidwa. M'kati anandiuza kuti akaunti ndi yotseka, akuti zachokera ku likulu. Muli K840,000. Kodi banki ili ndi ufulu wondilanda? — Mayi wa ana atatu, Namwera

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Banki ikhoza kukana kupitiriza kukusungirani ndalama, koma zimene zili m'katimo ndi ngongole imene iyoyo ili nayo kwa inu. Singazidye. Ingazigwire pokhapokha ngati lamulo kapena khoti laiuza kutero, kapena ngati inuyo muli nayo ngongole.

Mawu oti "yotseka" pa kauntala amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Pali akaunti yogona, imene a ku banki amati dormant, chifukwa mwini wake watha nthawi osaikhudza. Pali yoimitsidwa, imene ilipo koma ndalama sizingatuluke mpaka funso lina litayankhidwa. Ndipo pali yotsekedwa zenizeni, imene nambala yake yafa, ndalama zotsala zikungodikira kuti mwini wake azitenge. Mmene mwafotokozeramu, yanu ikuoneka ngati yoimitsidwa.

Chimene chimachitika n'chakuti tsiku lotsegula akaunti munadzaza fomu, munanena ntchito yanu ndi ndalama zimene mumayembekeza kulandira pamwezi. Mwina munalemba kuti ndinu mlimi wa fodya kapena nandolo. Tsopano kompyuta ya banki ikuona anthu osiyanasiyana, wina ku Limbe, wina ku Lilongwe, wina pa Chiponde, akuika ndalama mu akaunti ya mlimiyo, ndipo mawa lake zonse zikutapidwa. Inuyo mukudziwa kuti ndi thukuta la amuna anu ndi la amuna a alamu anu. Kompyuta sidziwa zimenezo. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza banki iliyonse kudziwa kasitomala wake ndi gwero la ndalama zake, komanso kukanena ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lofufuza kayendedwe ka ndalama, ikaona zokayikitsa. Lamulo lomwelo limaletsa wantchito wa banki kukuuzani kuti lipoti lotere lapita. Choncho mtsikana wa pa kauntala akamangoti "zachokera ku likulu", sikuti ndi mwano nthawi zonse. Kukuwa m'holo ya banki sikungatsegule kalikonse.

Lero lomwe uzani amuna anu ndi alamu anu kuti asatumizenso kanthu mu akauntiyo mpaka nkhaniyi ithe. Kenako lembani kalata kwa manijala wa nthambi. Ikhale yaifupi: dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti, tsiku limene khadi inakanidwa, ndi ndalama zimene mukudziwa kuti zilimo. Mufunse zinthu zinayi. Akauntiyi yagona, yaimitsidwa kapena yatsekedwa? Akufuna mapepala ati kwa inu? Ndalama zanu mudzazilandira bwanji ndipo liti? Pomaliza akupatseni sitetimenti ya miyezi 12 yapitayi. Musafunse kuti "mwandinenera kodi?" chifukwa limenelo sangayankhe, funso loti "mukufuna mapepala ati?" ndi limene ali nalo yankho. Kalatayo ikhale pawiri. Imodzi atenge, inayo adindepo chidindo chokhala ndi tsiku, asaine, mubwerere nayo. Kalata yopanda chidindo mawa idzakhala yoti sinafike.

Sitetimenti ikatuluka, khalani pansi ndi kope. Pa ndalama iliyonse yolowa lembani tsiku, kuchuluka kwake, amene anaituma ndi mwini wake weniweni. Mauthenga a pa WhatsApp amene amuna anu ankati "ndatumiza zakuti lero" ndi umboni, ajambulitseni papepala ndipo musafufute kalikonse m'foni. Onjezani kope la pasipoti yawo, pepala la malipiro kapena kalata ya abwana awo ngati ilipo, ndi timakalata ta alamu anu tovomereza kuti gawo lakuti ndi lawo, pamodzi ndi makope a ziphaso zawo. Musapeke lisiti ngakhale imodzi. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zonse zimene mwabweretsa zimasanduka zokayikitsa.

Koma tisakubisireni. Njira imene ndalamazi zikudzera ndiyo gwero la vuto. Kusintha ndalama zakunja kunja kwa mabanki ndi makampani ovomerezeka n'koletsedwa, ngakhale ambiri ku Namwera, Katuli ndi Makanjira amachita chifukwa mtengo wake umakoma. Choopsa china n'chakuti simukumudziwa amene akuikayo. Ngati mmodzi mwa iwo anaika ndalama zimene anabera munthu pafoni, wobedwayo akakadandaula kupolisi nambala imene imatuluka ndi yanu. Akaunti ikatseguka, amuna anu azitumiza m'dzina lawo kudzera ku kampani yovomerezeka yopereka lisiti, alamu anu atsegule zawozawo, ndipo inu mukakonzetse fomu ija kuti ionetse kuti mumalandira ndalama zochokera ku South Africa. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi mnzake m'kati amene angatsegule mutamupatsa ya fanta, dziwani kuti mukuonjezera mlandu pa mlandu.

FUNSO: Ndimapikula usipa ku Msaka ndi ku Malembo n'kukagulitsa ku Limbe. Geni itavuta ndinatha nthawi yaitali osapita ku banki. Ndinasiyamo K60,000. Pano akuti akaunti ndi dormant ndipo mwatsala K31,000. Nditapereka chiphaso akuti dzina silikugwirizana. Zinazo zapita kuti? — Wogulitsa usipa, Makawa

YANKHO: Achimwene, yanuyi ndi yopepuka, koma ili ndi mfundo ziwiri zofunika kumasula padera.

Banki imagoneka akaunti pofuna kuiteteza, chifukwa akaunti yoiwalika ndi imene akuba, a kunja ndi a m'kati omwe, amaikonda. Nthawi imene imadutsa isanagone inalembedwa m'mgwirizano umene munasaina, ndipo imasiyana banki ndi banki. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti amawerenga zokhazo zimene mwachita inu mwini, kuika kapena kutapa. Chiwongoladzanja chimene banki yaikamo kapena ndalama zimene yadula sizidzutsa akaunti. Poidzutsa mumapita nokha ndi chiphaso cha unzika chosatha ntchito, mumadzaza fomu, mumasaina monga munasainira poyamba, ndipo kawirikawiri amafuna muikemo kangachepe.

Za dzinazo ndi nthenda ya kuno kwathu. Munthu mmodzi yemweyo pa khadi ya banki ndi Yusufu, pa chiphaso ndi Yusuf, pa setifiketi ya sukulu ali ndi dzina la agogo ake. Maakaunti ambiri akale anatsegulidwa ndi kalata ya amfumu kapena chiphaso chovotera, kalembera wa unzika wa 2017 asanachitike. Ngati cholakwika chili ku banki, pemphani fomu yosinthira mbiri yanu kuti itsate chiphaso. Ngati mayina asiyana kwambiri adzafuna kalata yolumbira, imene mumasaina pamaso pa majisitireti kapena loya, yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ngati chiphasocho n'chimene chinalakwika, njira ndi ya ku ofesi ya National Registration Bureau kwa DC.

Tsopano K29,000 yosowayo. Musaganizire, onani. Pemphani sitetimenti kuyambira tsiku lomaliza limene munakhudza akaunti, komanso ndandanda wa mitengo ya banki wa nthawi imeneyo. Mudzapeza timadulidwe ta mwezi ndi mwezi: tosungira akaunti, ta mauthenga a pafoni, ta khadi, ta banki ya pafoni, mwinanso inshuwalansi imene munaivomera osawerenga. Chongani mzere uliwonse. Zimene zili pa ndandanda ndipo munasainira n'zovuta kubweza. Zimene palibe, kapena zadulidwa kawiri mwezi umodzi, kapena kutapa kumene simukukudziwa, zilembeni m'kalata ndi masiku ake mupemphe zibwezedwe. Kutapa kosadziwikako nenani msanga ndipo khadi itsekedwe. Funsaninso mtundu wa akaunti yanu. Munthu wa geni yoyenda ndi nyengo, amene nyanja ikatsekedwa amakhala chete, akaunti ya current imamudya. Ya savings imamuyenera.

FUNSO: Bambo athu anamwalira mu Juni. Titakanena ku banki anaimitsa akaunti nthawi yomweyo, pamene khadi ndi nambala yachinsinsi tili nazo. Amalume akuti tinalakwa kukanena. — Mwana woyamba, Malindi

YANKHO: Pepani ndi malirowo. Simunalakwe, ndipo banki nayo sinalakwe. Munthu akamwalira chilolezo chonse chimene anapereka chimathera pomwepo; kutapa ndi khadi ya malemu kukanakuikani inuyo m'mavuto, makamaka abale ena akadzafunsa. Apa palibe chotsutsa, pali njira yoti muitsate. Chuma cha masiye chimayendetsedwa ndi lamulo la Deceased Estates la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Pezani chikalata cha imfa, tengani wilo ngati analemba, mupite ku ofesi ya DC pa boma. Iwo adzakuuzani ngati nkhaniyo ithere pomwepo kapena ipite kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, kapena ku khoti, malinga ndi kukula kwa chumacho. Banki idzapereka ndalama kwa yekhayo amene wabwera ndi chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Uzani amalume modekha kuti khadiyo isungidwe, isagwiritsidwe ntchito.

FUNSO: Ndili ndi golosale ndi malo ogona alendo. Banki inandilembera kuti itseka akaunti ya bizinesi pakatha masiku 30, osanena chifukwa. Itatseka inadulako ndalama, akuti za ngongole yanga ina. Ndalemba makalata awiri, miyezi iwiri yatha kuli zii. Ndikasume? — Bambo wa bizinesi, Monkey Bay

YANKHO: Bambo, musanalipire loya, siyanitsani zimene mungapambane ndi zimene simungapambane. Kukakamiza banki kuti ikusungeni ngati kasitomala n'kovuta. Migwirizano yambiri imalola mbali iliyonse kuthetsa ubale itapereka chidziwitso, ndipo inu anakupatsani. Pamene pali nkhondo yeniyeni ndi pa ndalamazo. Banki nthawi zambiri imakhala ndi ufulu wotenga mu akaunti imodzi kulipira ngongole ya akaunti ina, koma ngongoleyo iyenera kukhala yoti nthawi yake yakwana, ndipo maakaunti onse awiri akhale a munthu mmodzi pamaso pa lamulo. Apa m'pofunika kuyang'ana mapepala a bizinesi yanu. Ngati munangolembetsa dzina la bizinesi, inu ndi golosaleyo ndinu munthu mmodzi. Ngati ndi kampani ya limited, ndalama zake si zanu, ndipo banki iyenera kuonetsa pepala limene kampaniyo inavomera kukuimirani pa ngongole yanuyanu. Pemphani kope la mgwirizano wa ngongoleyo ndi chiwerengero chonse: ngongole yeniyeni, chiwongoladzanja, zilango, ndi tsiku limene anadula.

Makalata awiri aja anapita kwa yani? Ngati onse anathera pa nthambi, lembani yachitatu ku ofesi yoona madandaulo ku likulu la bankiyo, muikemo makope a ziwiri zoyambazo, mupemphe nambala ya dandaulo lanu, ndipo munene tsiku limene mukuyembekeza yankho, tinene masiku 14. Likadutsa, pitani kwa Registrar of Financial Institutions, udindo umene lamulo la Financial Services Act la 2010 linaupereka kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Banki yaikuluyi ili ndi gawo loona madandaulo a makasitomala, ndipo kudandaula kwake n'kwaulere. Chinthu choyamba chimene adzafune kuona ndi umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu, n'chifukwa chake timalimbikira za chidindo. Dandaulolo lisapitirire tsamba limodzi: zimene zinachitika motsatana ndi masiku, ndalama zake, ndi chimene mukufuna. "Ndikufuna chilungamo" sichithandiza wowerenga. "Ndikufuna andibwezere ndalama zakuti ndi kundipatsa sitetimenti yomaliza" n'chimene angachigwire. Tumizani makope okhaokha, mapepala enieni akhale kwanu. Ena amathamangira kwa Ombudsman, koma ofesi imeneyo kwenikweni imaona za maofesi a boma. Competition and Fair Trading Commission ndiyo imalandiranso madandaulo a ogula ochitiridwa zosayenera.

Khoti likhale lomaliza, koma musaliiwale: milandu ya mgwirizano ili ndi malire a zaka 6, ndipo kulemberana makalata sikuimitsa nthawiyo. Wosakwanitsa loya akhoza kufunsa ku Legal Aid Bureau. Ngati zitadziwika kuti ndalama zinagwidwa ndi chikalata cha khoti chifukwa cha munthu amene anakusumirani, kapena ndi MRA chifukwa cha msonkho, kulimbana ndi banki n'kutaya nthawi. Funsani nambala ya mlandu kapena ya kalatayo mukaitsutse kumene inachokera.

Pakali pano bizinesi isaime. Tsegulani akaunti kwina, uzani alendo ndi makampani amene amakulipirani nambala yatsopano. Pemphaninso lipoti lanu ku credit reference bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu. Ngati ngongole ija anaidula yonse koma kumeneko ikuonekabe ngati yosalipidwa, lembani ku bureau ndi ku banki tsiku limodzi, muikemo sitetimenti yoonetsa kudulako, kuti akonze musanakapemphe ngongole ina.