Compiler ya C musagule, ndalamayo sungani

Wowerenga wina wandilembera imelo yokhudza C, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta: "Ndayamba kuphunzira C pa laputopu yanga yakale ya Windows. Ndigule compiler iti yosaboola m'thumba?"

Anzanga, funsoli likadamveka m'zaka za m'ma 1980, pamene compiler, pulogalamu yomasulira zomwe walemba kuti kompyuta izimve, inkagulidwa m'bokosi ngati Turbo C ya Borland. Koma mu 1987 Richard Stallman adatulutsa compiler yotchedwa GCC, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Musaiderere poti njaulere: kernel ya Linux, yomwe ndi mtima wa Linux, yakhala ikumangidwa ndi iyo yomweyo kwa zaka zambiri.

Pa Windows ikani MSYS2, phukusi la zida zolembera mapulogalamu, m'menemo mutenge GCC ya MinGW-w64, yomwe ndi GCC yopangira mapulogalamu a Windows, basi mwathana nazo. Visual Studio Community ya Microsoft nayo simulipira, koma ndi njovu. Imameza ma gigabyte angapo, ndipo laputopu yotopa ngati yanuyo iyamba kupuma wefuwefu. Komanso Microsoft idazengereza pa C: malamulo a chinenerochi otchedwa C11 ndi C17 idawalandira mu 2020. Anzathu a Mac ali ndi compiler ina yotchedwa Clang, moti akalemba gcc woyankha amakhala Clang yomweyo itavala chipewa cha mnzake.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi apa. Compiler yabwino kwa wophunzira ndi yolongolola. GCC ukangoisiya osaiuza kuti izikuchenjeza, pa zolakwika zina imakhala duu. Ine usiku wina ndidafika mbandakucha ndikusaka chomwe chikusokoneza pulogalamu yanga, osadziwa kuti ndalemba if (x = 5) m'malo mwa if (x == 5). Chizindikiro chimodzi chokha! M'malo mofunsa ngati x ndi 5, ndinkamupatsa 5, ndiye nthawi zonse yankho linkakhala eya. Ndikadalemba chonchi:

gcc -Wall -Wextra -g moni.c -o moni

ikadandiloza mzere womwewo nthawi yomweyo, poti -Wall ndi -Wextra zimayatsa machenjezo. Ukapereka 3.5 kwa printf, yolemba zinthu pa sikirini, pamene walemba %d yofuna nambala yathunthu, imakudzudzulanso. Kachilembo ka -g n'kokuthandizani tsiku lomwe mudzatsegule gdb, chida chosakira zolakwika m'pulogalamu.

Kuli kanthu kenanso kochititsa kaso, compiler yotchedwa TCC ya Fabrice Bellard. N'kochepa zedi, ndipo tcc -run moni.c imayendetsa pulogalamu pompopompo. Koseweretsa n'kabwino, koma machenjezo ake ngochepa, choncho musayambire pamenepo.

Ngati buku lanu lili ndi void main() ndi clrscr(), dziwani kuti lidalembedwera Turbo C. Pa GCC clrscr() simuipeza. Ichotseni, mulembe int main(void), zina zonsezo mupitirize nalo bukulo.