Yankho langa kwa azakhali pa nkhani ya mapasa a achimwene

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'minibasi kuchokera m'tauni, ndiye phokoso lake simukanamva kanthu. Pano ndafika kunyumba ku Matawale, ndakhala pansi. Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri. Mukufunsa kuti ngati atsikana a achimwene aja anachokeradi m'dzira limodzi monga anatiuzira kuchipatala, nanga bwanji wina akukula bwino pomwe mnzake ndi wochepa thupi, mphumu nayo ikungogwira yekhayo. Ndamvanso paja munatsitsa mawu, kuti mwina pali munthu anaikapo dzanja. Ayi azakhali, zimenezo zichotseni mumtima. Ndifotokoze mmene ndimafotokozera ana anga m'kalasi.

Mapasa ofanana amayamba ngati munthu mmodzi: dzira limodzi la mayi, mbewu imodzi ya bambo. Mmenemo mumakhala ma chromosome 46, timitolo tonyamula malangizo a mmene thupi lidzakhalire, 23 a mayi ndi 23 a bambo, okhala awiriawiri. M'masiku oyambirira kanthu kaja kamagawika pawiri, aliyense n'kuyamba ulendo wake. Tsono kuti mwana akule, maselo ake, tizidutswa ting'onoting'ono topanga thupi, amayenera kuchulukana, ndipo selo iliyonse ikamagawika imakopera DNA yonse, ndiye malangizo a m'ma chromosome aja, zilembo pafupifupi 6 biliyoni. Mukudziwa mwana akamakopera notsi m'kope la mnzake, angasamale bwanji, penapake amaphonya chilembo. Thupi nalonso limatero. Mu 2021 akatswiri a ku Iceland anayeza mapasa ofanana ambirimbiri, n'kupeza kuti kusiyana kotere, kochitika mimba ikadali yaing'ono, kumakhala pamalo ngati 5 mwa kawirikawiri, ndipo mwa mapasa 15 pa 100 alionse, mmodzi amakhala ndi kusintha kochuluka ndithu komwe mnzake alibe. Mwa apo ndi apo zimafika pa chromosome yathunthu, moti mmodzi amabadwa ndi yachitatu pa nambala 21, ija imabweretsa Down syndrome, vuto lochedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe ka mwana, mnzake alibe. Koma izi n'zosowa kwambiri, sindikunena za ana athuwa ayi.

Kwa ana athuwa ine maganizo anga ali pa nsengwa, ija imadyetsa mwana m'mimba. Mapasa ofanana ambiri, ngati awiri mwa atatu alionse, amadyera nsengwa imodzi, ndipo si nthawi zonse imagawa mofanana. Wina mchombo wake umalumikizana pakati, pomwe magazi amayenda bwino, wina chakumphepete. Paja ndinalipo tsiku lija ku Zomba Central, ndinawaona ndi maso angawa. Woyamba kubadwa anali ndi masaya, akulira mwamphamvu. Wachiwiriyu mwendo wake unali ngati chala changa chachikulu, kachipewa koluka kaja kakumuphimba mpaka m'maso, alamu atamuika pachifuwa usiku wonse kuti afunde. Kusiyana kuja anabadwa nako, azakhali, munthu aliyense wa m'mudzi asanawaone n'komwe.

Inu ndinu mlimi, ndiye mundimva. Dulani mtengo umodzi wa chinangwa pawiri, chidutswa china mubzale pa nthaka yabwino, china pa miyala m'mphepete mwa phiri. Mbewu ndi yomweyo, koma pokumba simupeza zofanana. Mwa munthu muli zonga zimenezo: DNA imakhala ndi malangizo, koma thupi limatsegula ena n'kutseka ena malinga ndi chakudya, matenda amene wadutsamo, ngakhale mpweya umene akupuma. Komanso popeza ndi atsikana, ali ndi ma chromosome a X awiri, ndipo selo iliyonse imagoneka imodzi n'kugwiritsa ntchito inayo. Imene yagonekedwa mwa uyu si nthawi zonse imafanana ndi ya mnzake. Ngakhale zidindo za zala zawo n'zosiyana, tsiku lokajambulitsa chitupa cha unzika mudzaona nokha.

Mphumu imayendera m'magazi inde, koma si kuti mapasa onse awiri aidwale. Zimachitika ndithu kuti mmodzi ali nayo, wina ayi, ndipo mwana wobadwa wochepa thupi chifuwa chake chimavutirapo. Chimene chikundiwawa n'choti alamu ali mu gulu lathu la pa foni lomweli, akumva zonsezi, ndipo ndikudziwa akudziimba mlandu. Sanalakwe kanthu. Anayamwitsa ana awiri nthawi imodzi, osagona.

Chimene ndikupempha n'chakuti wamng'onoyu asamakhale m'khitchini nkhuni zikamafuka, mbaula nayo isamalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji mu June. Kapopedwe ka mankhwala aja alamu akafunsenso bwinobwino kwa adokotala. Loweruka ndibwera, achimwene mundisungire mabuku a sikelo a onse awiri, ndikufuna ndione ngati mzere wa wamng'onoyu ukukwera, ngakhale pang'onopang'ono. Foni yatsala pang'ono kuzima, azakhali, apatseni moni amalume.