Hedi ya 2L pa injini ya 3L, ndi giyabokosi yochokera ku Hilux ya petulo

Bambo wina amene amanyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe wandilembera imelo yomwe ndaifupikitsa motere: Hilux yawo ya LN106, ya injini ya 3L, inawira pachitunda ndipo hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini, mmene muli mavalavu) inang'aluka. Makaniko wapeza hedi ya injini ina ya Toyota yotchedwa 2L yotsika mtengo, ndipo akuti mabawuti onse akulowa. Giyabokosi nayo imatuluka yokha m'giya yachisanu, ndipo mnansi wawo akugulitsa ina yochokera m'Hilux ya petulo ya 4Y. Akufunsa ngati agule zonse ziwiri.

Bambo, makaniko wanu sakunama ponena kuti zinthuzi zimafanana, chifukwa 2L, 3L ndi 5L ndi ana a mimba imodzi, koma kulowa kwa mabawuti sikutsimikizira kuti hediyo ndi ya injini yanu. Silinda ya 2L ndi yotambalala mamilimita 92 ndipo injini yonse ndi ya 2446 cc, pamene ya 3L ndi ya mamilimita 96 ndi 2779 cc. Pa injini zimenezi dizilo sapoperedwa mwachindunji pamwamba pa pisitoni, koma amayamba kuyakira m'kachipinda kakang'ono kamene kali m'hedi momwemo. Kachipinda ka hedi ya 2L kanakonzedwera silinda yaing'ono, choncho mukaika hediyo pa 3L mwasintha mmene injini imapanikizira mpweya, ndiponso simukudziwa ngati mkombero wachitsulo wa gasiketi ukhale pamalo oyenera. Pali chinanso: 2L ili mitundu iwiri. Yakale imatsegula mavalavu kudzera m'ma rocker arm, pamene ya kuyambira cha m'ma 1988 imawakankha mwachindunji ndi camshaft kudzera m'mashimu, monga imachitira 3L. Ngati hedi yapezekayo ndi ya mtundu wakale, nkhani yathera pomwepo. Ngakhale itakhala ya mtundu watsopano, ine sindingaiike pa galimoto yonyamula matumba tsiku ndi tsiku pamene mahedi a 3L akupezeka.

Mukapeza ya 3L, musalipire musanaitsuke ndi kuiyang'ana padzuwa. Mng'alu umakonda kubisala pakamlatho kopyapyala ka pakati pa mavalavu awiri ndi kukamwa kwa kachipinda kaja, ndipo nthawi zina umaoneka ngati tsitsi limodzi lagwerapo. Gonekani chitsulo chowongoka bwino pankhope ya hediyo, m'litali ndi mopingasa, muyese mpata ndi feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mipata). Ukapitirira malire amene buku la Toyota limanena, hediyo yapindika. Kenaka ipititseni kwa amene amayesa ndi mpweya m'madzi, pakuti mng'alu wa mkati maso sangauone.

Gasiketi imatsatira buloko, thunthu la injini limene hedi imakhalapo. Toyota anaipanga yosiyana makulidwe, yolembedwa B, D kapena F, ndipo yoyenera imadziwika poyesa mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Makaniko ambiri amangotenga iliyonse imene ili m'sitolo, ndipo n'chifukwa chake galimoto zina zimavuta kuliza m'mawa wa mwezi wa June zitangochoka kugaraja. Mabawuti 18 a hedi amangidwe motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyezera, osati ndi paipi yowonjezera mphamvu. Timing belt ikhale yatsopano, chifukwa ikaduka mapisitoni amamenya mavalavu. Ndipo popeza hedi sing'aluka popanda chifukwa, rediyeta, thermostat, pampu ya madzi ndi fani zifufuzidwe musanalize injini, apo ayi hedi yachiwiri idzafera pachitunda chomwe chija.

Za giyabokosi ndilankhula mwachidule. Bell housing (chigawo cholumikiza giyabokosi ku injini) ya 4Y singamangike pa buloko ya 3L. Ubwino wake ndi wakuti pa magiyabokosi a Toyota a nthawi imeneyo chigawochi chimamasuka, ndiye ngati yanu ndi ya mnansiyo zili za banja limodzi, mwachitsanzo zonse za mtundu wa G, mukhoza kusamutsa bell housing yanu yakale. Za mtundu wa R zili ndi kamangidwe kena. Zigonekeni pansi moyandikana, muyerekeze kutalika kwa shafti yolowa m'kilatchi, muwerenge mano ake, muone ngati nsonga yake ikukhala bwino mu pilot bearing (kabering'i ka kumbuyo kwa injini kolandira nsongayo). Funsani kaye ngati galimoto ya mnansiyo inali ya 4x4, chifukwa LN106 imafuna giyabokosi yolandira transfer case (bokosi logawira mphamvu ku matayala onse anayi), ndipo ya galimoto yoyendera matayala akumbuyo okha siigwira ntchito pano.

Komabe musanagule kanthu, uzani makaniko azule ndodo ya magiya. Pansi pake pali kampando kozungulira kamene ndodoyo imakhalapo ndi kabushi kapulasitiki kunsonga, ndipo zikaperepeseka ndodo simalowetsa giya mpaka kumapeto. Ndinaonapo giyabokosi imene mwini wake anali atailembera kale m'madzi ikuchira titangosintha tiziwiya tiwiri timeneti. Ikapitiriza kutuluka, vuto lili m'mabering'i kapena m'mano a giya yachisanuyo, ndipo apo mufunse mtengo wokonzetsa yanu yomweyo musanabwerere kwa mnansi.