Kugwetsa kapena kukonza nyumba yakale ya malonda?

Mwafunsa ngati nyumba ya malonda yomwe yatha zaka 50 ingakonzedwe kuti igwirizane ndi zomwe mizinda ikufuna masiku ano, kapena ndi bwino kungoigwetsa. Nthawi zambiri imakonzeka, koma chigamulo chisachokere pa maonekedwe akunja. Yambani mwaitana injiniya kuti aone maziko, zipilala ndi zitsulo za mkati mwa konkire, chifukwa madzi akalowa m'ming'alu zitsulozo zimachita dzimbiri n'kufufuma, ndipo konkire imayamba kugumukira mkati penti ikadali kuwala. Aonenso ngati denga kapena mapaipi ali ndi asibesitosi, ulusi wochokera m'miyala womwe kale ankausakaniza mu zipangizo zomangira, amene dziko la Britain linaletseratu mu 1999 ndipo la South Africa mu 2008. Fumbi lake limayambitsa khansa, choncho kumuchotsa si ntchito yopatsa waganyu wa nyundo.

Nyumbayo ikapezeka kuti ndi yolimba, chomwe chimavuta kwambiri ndi polowera ndi potulukira. Malamulo a masiku ano nthawi zambiri amafuna njira yachiwiri yothawira moto ukabuka, komanso kuti munthu wa pa njinga ya olumala alowe yekha popanda kunyamulidwa. Mulingo wofala wa njira yotsetsereka ndi 1 pa 12, kutanthauza kuti khomo lokwera ndi theka la mita limafuna njira yotalika mamita 6, malo amene nyumba yogundana ndi msewu ilibe. Ena amalanda mbali ya njira ya oyenda pansi, koma ine ndimaona kuti nzeru ndi kutsitsa pansi pa chipinda cholowera kuti kukwerako kuchitikire mkati.

Okonza mapulani a mizinda amayang'anitsitsanso gawo la pansi la nyumbayo loyang'ana kumsewu, pakuti khoma lalitali lopanda zenera limachititsa anthu kulambalala pamalopo kukada, pamene mawindo aakulu, khonde lamthunzi ndi magetsi zimawakopa. Ku Cape Town, nkhokwe yakale ya chimanga ya padoko anaiboola mkati n'kuisandutsa nyumba yoonetsera zaluso ya Zeitz MOCAA, yomwe inatsegulidwa mu 2017, mbali yaikulu ya makoma ake akunja osagwetsedwa.

Kugwetsa kumamveka pamene zipilala zawonongeka kwambiri, kapena siling'i ili m'munsi moti mawaya, mapaipi ozimitsira moto ndi zopititsa mpweya sizingakwane popanda anthu kugunda mitu. Zimenezi injiniya amazidziwa asanayambe n'komwe kujambula pulani.